Safunsa Anadya Phula: Mbiri ya Kholingo la Injini ya Wankel

Usiku uno tikamba za chipangizo chaching'ono chimene munthu angachinyamule m'manja, koma chimene chasunga mbiri ya thukuta la akatswiri a ku Germany ndi a ku Japan. Amakaniko amachitcha throttle body. Ife tingati ndi kholingo la injini, pakuti mpweya wonse umene injini imapuma umadzera pamenepo. Woyendetsa akaponda moto, zitseko za m'kati mwake zimatseguka, mpweya n'kulowa wochuluka, galimoto n'kuthamanga. Lero tiona kholingo la injini yachilendo, yopanda mapisitoni.

Mwini nzeruyi anali Felix Wankel, amene anabadwira ku Lahr m'dziko la Germany m'chaka cha 1902. M'malo mwa pisitoni yokwera ndi kutsika, iye anaganiza za chitsulo cha ngodya zitatu, chotchedwa rota, chozungulira m'chipinda chooneka ngati khoko la mtedza. Injini yake yoyamba inalira m'chaka cha 1957 ku kampani ya NSU, mu mzinda wa Neckarsulm. Injini yotere ilibe mavalavu. Rota ikamazungulira imatsegula ndi kutseka yokha mabowo olowera mpweya, kotero kuti kapumidwe ka injini kamadalira kwambiri mabowowo ndi kholingo lija.

Poyamba dziko linachita nayo chidwi. NSU inatulutsa galimoto ya Spider mu 1964 ndi ya Ro 80 mu 1967. Koma tizitsulo ta pansonga zitatu za rota, timene timakhudza khoma kuti mpweya usathawe, tinali kutha msanga. Kampaniyo inataya ndalama zambiri posinthira anthu mainjini, ndipo mu 1969 inagwa m'manja mwa Volkswagen.

Tsopano tiwoloke nyanja, tipite ku Hiroshima m'dziko la Japan. Kumeneko kampani ya Toyo Kogyo, eni galimoto za Mazda, inagula chilolezo chopangira injiniyi mu 1961. Mu 1963 Kenichi Yamamoto anapatsidwa gulu la akatswiri 47 kuti alimbane ndi vuto lomwe lija. Tizitsulo ta pansonga tinali kukanda khoma la injini, ndipo mizere yake anaitcha zikhadabo za mdierekezi. Atayesa zinthu zamitundumitundu anapambana, ndipo mu 1967 galimoto ya Cosmo Sport inatuluka. Tigwiritse mfundo imodzi pano: tizitsuloti timafuna oyilo nthawi zonse, choncho injini ya Wankel imamwetsedwa dala oyilo pang'onopang'ono, n'kumawotcha pamodzi ndi petulo.

Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, anthu anaifulatira injiniyi chifukwa inali kumwa petulo wambiri, ndipo Mazda inatsala pang'ono kugwa. Inadzuka ndi galimoto ya RX-7 mu 1978, imene poyamba inali ndi kabuleta. Pofika mu 1985, pamene RX-7 ya mtundu wachiwiri inatuluka, kabuleta anali atasiyidwa. Petulo anayamba kupoperedwa molamulidwa ndi kompyuta, ndipo ntchito yolowetsa mpweya inatsalira throttle body.

Tiyeni tisuzumire m'kholingo limeneli. Muli zitseko zitatu zikuluzikulu. Chimodzi chimayamba kutseguka, ziwiri zinazo zimatsatira woyendetsa akapondereza moto. Chifukwa chake n'chimene mlimi wa kudimba amachidziwa: madzi ochepa amathamanga bwino m'ngalande yopapatiza. Injini ikamayenda pang'onopang'ono, mpweya wodzera njira yopapatiza umathamanga, n'kusakanikirana bwino ndi petulo. Pambali pa zimenezi, pali zitseko zina ziwiri zoonjezera zimene zimakhala zotseka kufikira injini itatentha. Palinso kabotolo ka phula kamene madzi a injini amakatenthetsa. Phulalo likakhala lozizira, chitseko chimatsala chotsegukako pang'ono kuti injini isazime m'mawa. Likatentha limafufuma, chitseko n'kubwerera m'malo mwake. Pomwepo pali kachipangizo kouza kompyuta mmene chitseko chatsegukira. Ndipo pa galimoto za zaka zisanafike 1989 pali kandodo kachitsulo kochokera pa kholingo kupita ku pampu ya oyilo, kuti moto ukachuluka, oyilo wa tizitsulo tija achulukenso.

Galimoto zimenezi zitakalamba ndi kutsika mtengo, zinagwa m'manja mwa achinyamata a ku America, Australia, New Zealand ndi ku Japan komweko. Iwo poona zipangizo zonsezi anati zikungotsamwitsa injini. Unabuka mwambo wochotsa zitseko zoonjezera, kutseka mabowo amene zasiya, kupala m'kati mwa kholingo kuti musalale, ndi kutaya kabotolo ka phula pamodzi ndi mapaipi ake a madzi. Kunena zoona phindu lilipo: mpweya umapeza njira yopanda zopinga, ndipo injini imamva msanga phazi la woyendetsa.

Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wotaya kabotolo kaja amapeza kuti m'mawa injini imangozima pokhapokha ataipondera moto, ndipo injini ya Wankel ikazima isanatenthe kawirikawiri imadzaza petulo, n'kukana kulira. Wosiya bowo losatsekeka bwino amalowetsa mpweya umene kompyuta sikuudziwa. Petulo amachepa, moto umaphulika nthawi yosayenera, ndipo pa galimoto ya turbo zimenezi zimaswa tizitsulo ta pansonga. Wosuntha kachipangizo kouza kompyuta osakayezanso ndi mita amayenda ndi galimoto yodzuma ndi yophulitsa kumbuyo. Wolakwitsa kandodo ka oyilo ndiye samva kanthu lero kapena mawa, koma amakhala akuitananso mwakachetechete nthenda imene inagwetsa NSU.

Ena amati, nanga bwanji galimoto zampikisano zilibe zonsezi? N'zoona kuti Mazda 787B, ya marota anayi, imene inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans m'dziko la France mu 1991, inalibe kabotolo ka phula. Koma akatswiri ake sanangochotsa zinthu ayi: anaipangira mapaipi a mpweya otalika ndi kufupika okha molingana ndi liwiro la injini. Kuonjezera apo, galimoto yotere imatenthetsedwa ndi gulu la amakaniko isanalowe m'bwalo. Ya munthu wamba iyenera kulira yokha m'mawa wachisanu, n'kukafikitsa mwini wake kuntchito.

RX-8 itabwera mu 2003, chitseko cha mpweya chinayamba kutsegulidwa ndi kamota kamagetsi molamulidwa ndi kompyuta. Galimoto imeneyi inaleka kupangidwa mu 2012. Mu 2023 Mazda inabwezanso injini ya rota m'galimoto ya MX-30, koma ntchito yake ndi yopukusa magetsi, osati kutembenuza mateyala.

Sitikuti kusintha chipangizo n'kulakwa, pakuti Wankel ndi Yamamoto nawonso anali anthu osakhutira ndi zimene anapeza. Tikuti chitseko chilichonse, kandodo kalikonse, ngakhale phula lija, linaikidwapo poyankha vuto limene linavutitsa anthu ndi kudya chuma chawo. Musanagwire sipanala, yambani mwafunsa kuti, kodi chimenechi anachiikirapo chiyani? Mukapeza yankho, pamenepo mudzadziwa ngati n'chofunika kuchichotsa.

Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Mugone bwino.