Kachitsulo kamene timataya ku galaja

Sabata ino tipume kaye ku ndakatulo, ndikutengereni ku galaja.

Ngati munagulapo galimoto yochokera ku Japan, zija zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, mwina mawu awa munawamvapo: "Bwana, thermostat tichotse. Izi n'za kwawo kozizira, kuno kumatentha." Makaniko amamasula mabawuti awiri kapena atatu pa kanyumba kamene kamalumikiza paipi yaikulu ya ku radiyeta ndi injini, kaja amati housing, n'kutulutsa kachitsulo kozungulira kokhala ndi sipuling'i, kongokwana m'dzanja. Amakaponya m'chitini cha zakutha. Inu mumalipira, n'kuthokozanso. Ineyo ndinalipirapo, ndiye sindikuseka munthu. Ndikungofuna mudziwe kumene kachitsuloka kanachokera, kenako muweruze nokha.

Mbiri yake sinayambire pa galimoto ayi. Inayambira pa mazira a nkhuku. Cha m'ma 1620, Cornelis Drebbel, munthu wa ku Holland amene ankakhala ku London, anapanga bokosi lofungatira mazira lotenthetsedwa ndi moto. Vuto lake mukulidziwa inu oweta nkhuku: kukatenthetsa mazira apsa, kukazizira asukusa. Drebbel anaika mowa woyera m'kabotolo ka galasi. Bokosi likatentha mowawo unkafufuma, n'kukankha mercury, mercury n'kusuntha kandodo kotseka polowera mpweya wa moto. Likazizira zonse zinkabwerera, moto n'kuyakanso. Palibe munthu ankachezera usiku kulondera. Dzina loti thermostat linabwera mochedwa, kuchokera kwa Andrew Ure wa ku Scotland, amene mu 1830 analembetsa chipangizo chake chothandiza kuti m'mafakitale a nsalu muzitentha mofanana.

Galimoto zitayamba, zambiri zinalibe chinthu chotere. Taonani Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, zoposa 15 miliyoni. Kupatula zoyambirira zochepa, inalibe ngakhale pampu ya madzi. Madzi otentha ankakwera okha kupita ku radiyeta, ozizira n'kutsika kubwerera mu injini, basi. Pachitunda inkawira. Kukazizira inkatha mtunda wautali isanafunde, ndipo eni ake ankaphimba radiyeta ndi bulangete kapena katoni, n'kumaima panjira kuvundukula pang'ono injini ikayamba kutentha. Dalaivala ndiye anali thermostat. Galimoto za anthu a ndalama m'ma 1920 ndi m'ma 1930 zinkakhala ndi timazenera tachitsulo kutsogolo kwa radiyeta, totseguka ndi kutsekeka tokha malinga ndi kutentha kwa madzi.

Apa imani kaye. N'chifukwa chiyani anthu ankavutika chonchi kuti injini ifunde? Si chifukwa cha chipale chofewa chokha. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 80 mpaka 95, mwinanso kuposera pang'ono. Ku Nsanje mu Okutobala, pamene tonse tikudandaula kuti dzuwa latipha, mpweya umangofika m'ma 40. Kwa injini kumeneko n'kozizira ndithu. Ikakhala yosafunda, oyilo amakhala wolimba, petulo sapsa yense, wina amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kutsuka oyilo amene amayenera kuteteza zitsulo. Zitsulozo zimadyana mwakachetechete.

Thermostat zoyamba kuikidwa m'njira ya madzi zinali ngati kachitini kopindapinda, kotha kufutukuka ndi kufinyika ngati mvukuto wa osula. Luso lopanga timivukuto tachitsulo topanda msoko linachokera kwa Weston Fulton wa ku Knoxville, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'katimo ankaikamo mowa kapena madzi ena osachedwa kusanduka nthunzi. Madzi a injini akatentha, kamvukutoko kankafutukuka n'kutsegula njira. Nzeru yake ndi ya Drebbel yomwe ija, patapita zaka pafupifupi 300.

Zinayenda bwino mpaka pamene kunabwera chitsekerero cha radiyeta chosunga mphamvu ya nthunzi. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumtunda ngati ku Lilongwe kapena ku Dedza amawira asanafike pamenepo. Mukawatsekera ndi chitsekerero cholembedwa 0.9 kapena 1.1, amatha kufika cha m'ma 120 osawira. Ndi chinthu chabwino, koma mphamvu yomweyo inkafinya kamvukuto kaja kuti kasatseguke pa nthawi yake. Yankho linali litapezeka kale m'ma 1930, pamene Sergius Vernet anapanga kachipangizo kogwiritsa ntchito phula. Osati phula la pamsewu, koma longa la kandulo. Limatsekeredwa m'kachikho ka mkuwa. Likasungunuka limafufuma mwamphamvu, n'kukankha kandodo kamene kamatsegula chitseko. Likazizira sipuling'i imabweza chitsekocho. Phula silisamala zoti madzi apanikizika bwanji. Pofika m'ma 1960 mtundu umenewu ndi umene unali utafala, ndipo ndi womwewo uli m'galimoto yanu lero, ngati sanauchotse. Mukautenga m'manja muone nambala yodindidwa pamenepo, kawirikawiri 82 kapena 88. Ndi digiri imene umayambira kutseguka.

Tsono amakaniko athu sindikuwanena kuti ndi opanda nzeru. Thermostat ya phula ikafa, nthawi zina imafa chotseka. Madzi sapita ku radiyeta, geji imathamangira kofiira, ndipo ngati muli pachitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre mutadzaza anthu, gasiketi ya hedi yapita. Munthu amene waona zimenezi kangapo, ndipo sipeya yodalirika ili kutali, amaona kuti bola kuchotseratu. Panjira, usiku, ine ndingavomere. Cholakwika n'chakuti mankhwala a tsiku limodzi tawasandutsa mwambo.

Komanso galimoto za masiku ano si Model T. Zili ndi kompyuta imene imafunsa kuti madzi atentha bwanji. Ikamva kuti ngozizira imawonjezera petulo, poganiza kuti mwangoliza kumene. Popanda thermostat, m'mawa wa mu Juni ku Mzuzu kapena ku Dedza, kapena mukutsetsereka mtunda wautali, imatha kumangowonjezera ulendo wonse. Ndi mmene mafuta amavutira nthawi zina, ndi mizere ija tinagonapo, ganizirani. Chinanso n'chodabwitsa. M'mainjini ambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri pansi, kamene kamatseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini osadzera ku radiyeta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotsegula nthawi zonse, madzi ena amazemba radiyeta, ndipo galimoto imene munaichotsa thermostat kuti isawire imawira ndithu pachitunda.

Kanyumba kaja nako kali ndi mbiri yake. Kale kankakhala kachitsulo cholemera chofanana ndi cha injini, kochita dzimbiri koma kosafa msanga. Kenako kanakhala ka aluminiyamu, kopepuka. Kuyambira cha m'ma 1990 opanga ambiri anasamukira ku pulasitiki wosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo ena anayamba kumata thermostat m'kati momwemo, moti ikafa mumagula zonse pamodzi. Pa galimoto zina za ku Germany muli ngakhale kawaya kotenthetsa phula lija, kuti kompyuta izilamula nthawi yotsegula. Pulasitiki ameneyu akapsa n'kuzizira kwa zaka zambiri amauma, n'kuyamba kung'aluka kapena kupindika pakamwa. Aluminiyamu mdani wake ndi madzi a pamjigo amene timathira m'malo mwa coolant. Mchere wake umadya chitsulo mpaka pokhala gasiketi pamachita timaenje ngati chipande chofumbwa. Mukaona zoyera kapena zobiriwira zouma m'mbali mwa housing, kapena madzi akumachepa osaona pamene akudontha, yambani kuyang'ana pamenepo.

Kusintha kwake si ntchito yoopsa, koma imafuna kudekha. Injini izizire kaye. Madzi a madigiri 100 sadziwa kuti ndinu mwini galimoto. Palani bwino gasiketi yakale osakanda chitsulo, ikani yatsopano, ndipo thermostat ilowe mbali ya sipuling'i italoza ku injini. Ngati ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kabowoko kakhale pamwamba kuti mpweya uzitulukirapo. Mabawuti amangidwe mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Ma housing ambiri amene ndawaona atathyoka makutu sanathyoke pamsewu, anathyoka ndi sipanala ya munthu wofuna kuonetsa mphamvu. Mukathira coolant, lizani injini hita ili yotsegula mpaka mpweya wonse utuluke.

Ndipo akakuuzani kuti thermostat yafa, musatsutsane nawo. Ipempheni mupite nayo kunyumba, muiike mumphika wa madzi pambaula. Yamoyo imayamba kuyasama madzi asanawire, n'kutsekanso mukaivuula. Yanga ija nditabwerera kukaifuna, inali itapita kale ndi ogula zitsulo zakutha, moti mpaka lero sindidziwa ngati inalidi yakufa.