Miyoyo 144 ya ku Gauteng: mbiri ya Life Esidimeni

Mu Okutobala 2015, nduna ya zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, Qedani Mahlangu, idalengeza kuti boma la chigawocho lithetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Life Esidimeni. Kwa zaka zambiri kampaniyi inkasamalira, pa ndalama za boma, anthu odwala matenda a m'maganizo ndi ena a ulumali wa ubongo omwe sakadatha kudzisamalira okha. Dzina loti Esidimeni limatanthauza malo a ulemu.

Zifukwa zomwe zidaperekedwa zidali ziwiri. Choyamba, ndalama zidachepa. Chachiwiri, mfundo za dziko zinkalimbikitsa kuti odwala otere azichotsedwa m'zipatala zotsekeredwa n'kumakhala pafupi ndi abale awo. Mfundo yachiwiriyi payokha sidali yolakwika, koma inkafuna kuti malo atsopanowo ayambe akonzedwa, antchito aphunzitsidwe, ndalama zitsate wodwala kumene wapita. Apa m'pomwe padagona nkhani. Ku Esidimeni boma linkalipira pafupifupi ma rand 320 patsiku pa munthu mmodzi. Mabungwe omwe adalandira odwalawo adalonjezedwa ma rand 112 okha.

Machenjezo sadasowe. Abale a odwala, madokotala a matenda a m'maganizo, bungwe la SADAG ndi maloya a Section27 adalemba makalata, adachita ziwonetsero, mpaka adakadandaula kukhoti mu Disembala 2015. Akuluakulu a zaumoyo adalonjeza kukambirana, koma ntchito yosamutsa idapitirira. Pofika pakati pa 2016, anthu pafupifupi 1,700 adatengedwa mwaliwiro, ena pa malole, ena opanda mankhwala kapena makadi awo a kuchipatala. Ambiri adatulidwa m'nyumba wamba zopanda ziphaso zovomerezeka, zopanda anamwino, zakudya zokwanira ngakhale zofunda, nyengo yozizira ili pachimake. Mabanja ena adayendayenda miyezi kufunafuna abale awo, n'kukawapeza kumotchale.

Nkhaniyi idaphulika m'nyumba ya malamulo ya chigawo mu Seputembala 2016, pomwe Jack Bloom wa chipani chotsutsa cha DA adafunsa funso, ndipo nduna idavomera kuti anthu 36 adamwalira. Woyang'anira madandaulo a zaumoyo, Pulofesa Malegapuru Makgoba, adafufuza. Lipoti lake la mu Febuluwale 2017 lidatchula imfa 94. Mahlangu adatula pansi udindo lipotilo litatsala pang'ono kutuluka. Chiwerengero chidakwerabe mpaka 144. Ambiri adafa ndi njala, ludzu, chibayo ndi kusasamalidwa.

Chomwe chidagwetsa mfundo ya ndalama ndi umboni wa boma lomwelo. Pa zokambirana zomwe adatsogolera Dikgang Moseneke, yemwe kale adali wachiwiri kwa mkulu wa oweruza milandu, nduna ya zachuma m'chigawocho, Barbara Creecy, idanena kuti panalibe vuto la ndalama lokakamiza kuthetsa mgwirizanowo. Komanso odwala ena adapititsidwa ku zipatala za boma monga Weskoppies ndi Sterkfontein, kumene kusunga munthu mmodzi kunkadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa ku Esidimeni. Kupulumutsa ndalama kwake kudali kotero. Mu Malichi 2018 Moseneke adagamula kuti zomwe lidachita bomalo zidaphwanya malamulo oyendetsera dziko, ndipo adalamula chipukutamisozi cha ma rand 1.2 miliyoni kwa banja lililonse lomwe lidadandaula.

Funso la yemwe adalakwa lidatenga nthawi yaitali. Mu Julayi 2024, woweruza Mmonoa Teffo wa bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria adapeza kuti kusasamala kwa Mahlangu ndi Makgabo Manamela, yemwe adali mkulu woona za matenda a m'maganizo m'chigawocho, ndiko kudadzetsa imfa za anthu asanu ndi anayi mwa omwalirawo. Apa n'kuti patadutsa zaka zisanu ndi zitatu chisamutsireni odwala aja.