Chiliza cha Dokotala Banda ndi ulendo wa wodwala wa ku Mitundu

Pa 14 Meyi 2026 pakwana zaka 20 chitsegulireni chiliza cha Ngwazi Dr. Hastings Kamuzu Banda ku City Centre mumzinda wa Lilongwe. Adachitsegula ndi Bingu wa Mutharika mu 2006, pa tsiku limene boma limasunga ngati lobadwa la Kamuzu, patatha zaka zoposa 8 chiikireni maliro ake pamalo omwewo. Nsanamira zake zinayi zimaimira ngodya zinayi zimene aliyense wa msinkhu wathu adaloweza kusukulu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tsiku la Kamuzu lidachotsedwapo pa masiku a tchuthi nthawi ya Bakili Muluzi, Bingu n'kulibwezeretsa, ndipo chaka chilichonse akuluakulu a boma, a chipani cha MCP ndi abale a malemu amakaika nkhata za maluwa pamenepo.

Ife a kum'mwera kwa Lilongwe za chiliza timazidziwa bwino. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndalama ya fodya ndi mtedza ikalowa m'thumba, m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje mumamveka ng'oma. Mbumba imasonkha ya simenti, amayi amafulula mowa, gule amatuluka kudambwe, abale a ku tauni ndi a ku Joni amatumiza kangachepe. Banja limene lasiya manda a agogo ake kuti afufutike limanenedwa m'mudzi monse. Choncho sindili m'gulu la amene amati ndalama zomangira atsogoleri ziliza ndi zotayika. Mtundu umayenera kudziwa pomwe pagona amene adautsogolera. Koma pamwambo wa chiliza, mkulu wolankhula m'malo mwa banja sathera pa kuyamikira amisiri amene amanga. Amatchula ntchito ya malemuyo, zimene adasiya atamaliza ndi zimene adasiya pakati, kuti ana amve pomwe ayambire. Ntchito imene Kamuzu adaphunzira ndi kuigwira zaka zambiri asanalowe m'boma inali yochiza anthu, ndipo ndi pamenepo pamene ndikufuna kumukumbukira.

Udokotala adauphunzira ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku America, n'kumaliza mu 1937. Ndi sukulu yomweyo imene adaphunzirako Dr. Daniel Malekebu wa ku mishoni ya PIM ku Chiradzulu zaka 20 m'mbuyo mwake, munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri pamisonkhano ya boma. Kamuzu adapitiriza maphunziro ku Edinburgh, n'kuchiza anthu ku Liverpool, ku North Shields, ku London ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana. Pamene ankatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, khamu limene lidamuchingamira linkadziwa kuti likulandira dokotala, mwana wa ku Kasungu amene adafika pomapima azungu.

Zimene adasiya pa zaumoyo n'zooneka. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chidatsegulidwa mu 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark, likulu litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba. Sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba mu 1979. Nthawi yake yomweyo dziko lidayamba kuphunzitsa ma clinical officer, amene mpaka lero ndiwo amanyamula zipatala za kumidzi, kuphatikizapo kuchita opaleshoni ya amayi amene mwana wakanika kubadwa. Ndipo m'zipatala za boma munthu ankalandira mankhwala osalipira, chinthu chimene maiko ena oyandikana nafe adachisiya.

Zimene adasiya pakati nazonso n'zazikulu, ndipo kuzibisa pa tsiku lake n'kumunamizira. Dziko lolamulidwa ndi dokotala lidakhala zaka 27 chilandirireni ufulu lopanda sukulu yophunzitsa madokotala. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patatha zaka 10 Kamuzu Academy itayamba kuphunzitsa ana Chilatini ndi Chigiriki ku Mtunthama. Achinyamata amene ankatumizidwa kunja kukaphunzira udokotala, ambiri sankabwerako, ndipo padafunika khama la anthu onga Pulofesa John Chiphangwi kuti sukuluyo ikhalepo. Njira zakulera zidali zoletsedwa mpaka mu 1982 pamene boma lidavomera zoti anthu azibereka motalikitsa. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, padapita zaka anthu akufa nkhani yake isakukambidwa poyera. Ndipo agogo athu amakumbukira anyamata a chipani akuimitsa anthu pamsika, pokwerera basi, ngakhale panjira ya kuchipatala, kufunsa khadi. Kamuzu ankakonda kunena kuti anthu ake ayenera kukhala ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Chipatala chapafupi sichinali pa zitatu zimenezo.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka ndikamaganiza za atsogoleri athu amene agona pansi pa miyala yonyezimira. Kamuzu adamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Garden City Clinic mumzinda wa Johannesburg, komwe adamuchitanso opaleshoni ya m'mutu mu 1993. Bingu, amene wagona ku Mpumulo wa Bata ku Ndata m'boma la Thyolo, adakomoka kunyumba ya boma pa 5 Epulo 2012, nathamangira naye ku Kamuzu Central m'nyengo imene dziko linali pa mavuto a mafuta ndi mankhwala, kenako ndege idamunyamula usiku kupita ku South Africa. Pa 12 Januwale 2021 matenda a Covid-19 adatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, phungu wa Lilongwe Msinja South konkuno kwathu. Masiku omwewo bwalo la masewero la Bingu National Stadium, limene lidamangidwa kuti lisunge dzina la mtsogoleri, lidasanduka chipatala, odwala akupumira mpweya wa m'masilinda m'zipinda zake. Matenda atafika povuta, wamkulu ndi wamng'ono adadalira bedi limodzimodzi, namwino mmodzimodzi.

Chilungamo chake n'chakuti m'zaka 20 zimene chiliza chaima, zipatala zazikulu za boma zakula. Ku Central kudamangidwa mbali ya amayi oyembekezera yotchedwa Ethel Mutharika. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yunivesite yoima payokha yophunzitsa madokotala, anamwino, azamba ndi akatswiri a mankhwala. Mu 2023 kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndipo amene amakhala m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, pomwe malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimalimbirana phula limodzi, akudziwa kufunika kwake. Mu 2025 Pulezidenti Lazarus Chakwera adatsegula National Cancer Centre, patatha zaka zambiri odwala khansa akudikira pamndandanda kuti boma liwatumize ku India kapena maiko ena kukaotchedwa chotupa ndi makina. Izi n'zinthu zoyamikira ndi mtima wonse. Mwa zonse zimene zimatchedwa ndi dzina la Kamuzu, bwalo la ndege, msewu, damu, bwalo la mpira, palibe chimene chimamuyenera kuposa sukulu yotulutsa madokotala.

Koma tiyeni tiyende ndi wodwala kuchokera kumene amadwalira. Mayi wa m'mudzi wa kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama akayamba kutaya magazi mosadziwika bwino, woyamba kumuuza, akalimba mtima, ndi mlangizi wa zaumoyo amene amabwera kudzayeza ana sikelo. Kuchoka apo ndi ulendo wa kabaza kapena ngolo kupita kuchipatala chaching'ono, kabuku ka kuchipatala katakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Akamuona kuti vuto ndi lalikulu amamulembera kalata ya ku Mitundu Community Hospital. Ku Mitundu akaona kuti likufuna akatswiri, amamutumiza ku tauni, mtunda woposa makilomita 30 kudzera msewu wa ku Bunda. Pa sitepe iliyonse pamafunika ndalama ya ulendo wa anthu awiri, pakuti wodwala sagona m'chipatala yekha. Womudikirira amanyamula ufa, nkhuni, poto ndi chitenje chofunda, n'kusiya munda m'manja mwa ana. Ikakhala nyengo yopalira kapena yothyola fodya, banja limati tidikire kaye. Ambiri amafika ku Central khansa itafalikira kale, ndipo makina a mtengo wapatali aja sangabweze miyezi imene idatayika panjira.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri pa dziko lonse. Chonsecho ndi nthenda yopeweka. Katemera wa HPV adayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Kuyeza kwake sikulira zambiri: namwino wophunzitsidwa, viniga, nyali yowala bwino ndi chipinda chotsekeka. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma, chimene anthu a ku Nathenje amachifikira pokhotera pa Kamphata, chidaonetsa kuti mayi angathe kuyezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo, pomuotcha malo odwalawo ndi kachipangizo kakang'ono, ngakhale m'zipatala zazing'ono zozungulira. Nzeru imeneyi idayesedwa pansi pa phiri la Nkhoma. Ikadafika mokwanira pa chipatala chilichonse cha boma kum'mwera kuno, mzere wa ku Cancer Centre ukadafupika.

Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idatiphunzitsa zomwezo mwankhanza. Idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mliri wa kolera woipitsitsa m'mbiri yathu, ndipo Lilongwe idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Munthu wa kolera amatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Chimene chimamupulumutsa ndi thanzi ORS, diripi ndi tenti imene ili pafupi ndi kwawo, komanso mjigo wogwira ntchito ndi chimbudzi m'mudzi mwake. Yunivesite siimufikira pa nthawi yake ngati amene idawaphunzitsa onse ali mumzinda.

Apa ndi pamene pali bala lenileni la boma lathu la Lilongwe. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'midzi ya Lilongwe, ndi ena pafupifupi 1 miliyoni mumzinda. Ntchisi, ya anthu osafika 320,000 pa kalembera yemweyo, ili ndi chipatala chake chachikulu cha boma. Dedza, Mchinji ndi Salima nawonso ali nazo. Lilongwe ilibe chipatala chotere chokwanira mbali zonse. Bwaila, imene akuluakulu amaitchulabe kuti ku Bottom, ntchito yake yaikulu ndi ya amayi oyembekezera ndi odwala oyendera. Zotsatira zake n'zakuti Kamuzu Central, imene idamangidwa kuti izilandira matenda okanika kuchokera m'maboma onse a chigawo chapakati, imagwiranso ntchito ya chipatala cha boma la Lilongwe. Katswiri amene akadaona wodwala wochokera ku Kasungu kapena ku Ntcheu amatanganidwa ndi chibayo ndi malungo zimene zikadathera ku Mitundu. Mavuto a kuthithikana kumeneko sadayambitse ndi madokotala kapena anamwino. Iwo akugwira ntchito ya zipatala ziwiri m'nyumba imodzi.

Nyumba ya Malamulo idamangidwa moyandikana ndi chiliza cha Kamuzu, ndipo aphungu amadutsa pamenepo popita kukakambirana bajeti. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjezana ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife tidavomera nawo, koma zaka zambiri sitifikapo. Ndikanakonda kuti pa mwambo wa Tsiku la Kamuzu, pakati pa nyimbo ndi mapemphero, mmodzi mwa olankhula atchule nkhani ya chipatala cha boma la Lilongwe, ndi tsiku limene ntchito yake iyambe. Aphungu a kum'mwera kuno, makhansala ndi mafumu athu, a Chadza, a Chiseka, a Kalumbu, a Mazengera ndi anzawo, ali ndi mphamvu yoinyamula nkhaniyi limodzi mosayang'ana chipani.

Ndipo sikuti tiyambire pathengo. Mitundu ili kale ndi chipatala, ili ndi msewu wa phula, ili ndi magetsi, ndipo pafupi pomwepo pali Bunda, pomwe aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite akhala pakati pa alimi kuyambira m'ma 1960. Ngati a zaulimi adatha kukhazikika kumudzi, a zaumoyo angathenso. Chipatala cha Mitundu chikulitsidwe, chikhale ndi mawodi okwanira amuna, amayi ndi ana, malo osungira magazi, chipinda choyezera khansa ndi madokotala okhala pompo. Ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences azibwera kudzaphunzirira ntchito pamenepo miyezi ingapo, adziwe matenda a mlimi asanazolowere a mumzinda. Nathenje, pokhala pamsewu waukulu, ikhale ndi zipangizo ndi anthu olandira ovulala pangozi usana ndi usiku, kuti wothyoka mwendo kapena wovulala m'mutu afike ku LION magazi atasiya kutuluka. Ogwira ntchito amangiridwe nyumba zokhala ndi madzi, chifukwa namwino amene amachita lendi kutali sangathamangire mayi amene wayamba matenda pakati pa usiku. Ndipo ndalama ya mafuta a ambulansi izifika ku ofesi ya zaumoyo ya boma mvula isanayambe, misewu ya kumidzi isanaduke.