Za Maphunziro a Patali m'Boma la Mulanje

Pamene achinyamata a makono atamanda kuphunzira kophatikiza, kuja wophunzira aonana ndi mphunzitsi wake masabata owerengeka, nabwerera kwawo kukatsiriza zotsalazo pa foni ndi pa intaneti, ayesa kuti chinthuchi chabadwa dzulo. Koma akuluakulu a kunsi kwa phiri la Mulanje adziwa kuti mwambowu uli ndi imvi.

Kufikira chaka cha 1940 munalibe sukulu ya sekondale m'Nyasalande monse, ndipo yunivesite inadzatsegulidwa mu 1965. Tsono mphunzitsi wa pa mishoni, kapena kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, amene mtima wake unali ndi ludzu la nzeru koma analibe chuma cholowera nacho ku koleji ya Fort Hare kapena ya Makerere, analembera kalata ku masukulu a kunja ophunzitsa pa positi, monga Wolsey Hall ya ku Oxford ndi University of South Africa, imene inayamba kuphunzitsa anthu a kutali mu 1946. Munthu wotere anali wophunzira wa dziko lachilendo osatuluka m'mudzi mwake. Anawerenga pa koloboyi atatsiriza ntchito ya usana, natumiza mayankho ake, nadikira masabata ambiri kuti amve ngati walakwa; ndipo mafunso amene anam'funsa anali olembera ana a dziko lina, odziwa nyengo zina ndi mafumu ena. Indetu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziko litalandira ufulu, boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College mu 1965, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education (MCDE). Apa ndipo kuphatikiza kwenikweni kunayambira: maphunziro osindikizidwa anafika pa positi, mawu a mphunzitsi anamveka pa wailesi ya MBC, ndipo ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale anasonkhana m'malo ophunzirira pansi pa mphunzitsi wowayang'anira, amene kawirikawiri anali wa pulaimale. Anthu anawapeputsa ana a MCDE, ndipo ine ndiyesa kuti anawachimwira, pakuti mwana wophunzira wopanda labotale, wobwerekana buku limodzi ndi anzake, nakhozabe mayeso omwewo a anzake ogonera pa sukulu, sayenera kunyozedwa. Mu 1998 malo ajawa anasandulika masukulu a sekondale a CDSS amene tiwaona lero.

Yunivesite nayonso inatsata njira yomweyo. Mzuzu University, ngakhale ikhala kutali kumpoto, inaika malo ena ophunzirira ku Mulanje, monganso ku Balaka, Lilongwe ndi Karonga, kuti mphunzitsi wa ku Chisitu kapena ku Muloza akwere pa maphunziro osasiya kalasi yake ndi banja lake. Ndipo sukulu zonse zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, ngakhale iwo amene anazolowera kukhala pa koleji anaphunzitsidwa ali kwawo.

Koma walira mvula walira matope. Wophunzira wa m'tauni, kapena mnzake wa ku maiko olemera amene alowa naye m'kalasi imodzi ya pa intaneti, atsegula kompyuta nayamba. Wa kuno ayamba wawerenga ndalama ya bandulo, nafuna potchajira foni, nakwera pamtunda pomwe netiweki igwira, ndipo phunziro la pa kanema limene lidya bandulo ya sabata yathunthu alisiya, napempha anzake pa WhatsApp kuti amutumizire zolemba zokha. Namondwe wa Freddy atagwetsa milatho ndi mapolo a magetsi m'boma lino mu Malichi 2023, mafoni anathima m'midzi yambiri, ndipo amene anatha kuwerengabe ndiwo okhawo amene mabuku awo osindikizidwa sanapite ndi madzi.