Heroin: Mankhwala a Cifuwa Amene Anasanduka Mlandu

Mu 1898, kampani ya ku Germany yochedwa Bayer inayamba kugulitsa mankhwala atsopano a cifuwa, m'mabotolo, poyera. Dzina lake linali Heroin. Wasayansi wa ku London, C. R. Alder Wright, anali atawapanga kale mu 1874 kucokera ku morphine, amene amacokera ku utomoni wa duwa la poppy. Madokotala ambiri anali kuganiza kuti heroin sagwira munthu ukapolo ngati morphine. Zoona zake n'zakuti akalowa m'thupi amathamangira ku ubongo n'kusanduka morphine yemweyo. Dziko la America linamuletsa mu 1924, ndipo pangano la United Nations la 1961 linamuika pa gulu la mankhwala oopsa kwambiri.

Kuno ku Zambia, lamulo silinayambe ndi heroin. M'zaka za m'ma 1980, mu ulamulilo wa a Kaunda, vuto linali mandrax, mapilisi amene anali kudutsa muno kupita ku South Africa. Mu 1989 boma linakhazikitsa Drug Enforcement Commission, ija timangoti DEC. Lamulo la 1993 linaika cilango ca zaka zofika 25 m'ndende kwa wogulitsa, ndipo la 2021 linalowa m'malo mwake. Kugulitsa heroin, kupezeka naye, ngakhale kumugwiritsa nchito, zonse ndi mlandu.

Kwa nthawi yaitali tinali kudziona ngati njira cabe. Heroin wambiri anali kucokera ku Afghanistan, kukwezedwa m'mabwato ku gombe la Makran ku Pakistan ndi Iran, kutsitsidwa ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pa msewu kulowera ku South Africa. Yang'anani pamene Chipata yakhala: Mwami ili pakhomo, Chanida ili kuseri kwa Katete, Great East Road ikuloza ku Lusaka. Ndipo thumba la cimanga likamadutsa, njere zimagwa. Onyamula katunduyu nthawi zina amalipidwa ndi katundu yemweyo, ndiye amafuna ogula pafupi. Umu ndi mmene South Africa inapezera nyaope, ndipo ku Lusaka, makamaka ku Chibolya, kunamveka dzina lakuti volo.

Amene timawaseka kuti majanki, thupi lawo lili pa ngongole. Mlingo umene unali kukwanira mwezi watha lero sukwanira. Pakangopita maola ocepa osalandira, munthu amayamba thukuta, kupweteka mafupa, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Amagulitsa foni, kenako mapoto a amayi ake, kuti ululu uleke cabe. Akapitirira mlingo, kupuma kumacepa mpaka kuima, ndipo ngozi imakula kwa amene wangotuluka m'ndende, cifukwa thupi laiwala mlingo wakale. Obayana jekeseni imodzi amapatsirana HIV ndi hepatitis C.

Ine ndiona kuti mbiri yathu inaphunzitsa boma kugwira kuposa kuciritsa. Lamulo la 2021 limachulako za cithandizo kwa amene anakodwa, koma mau a papepala sacotsa ululu wa m'mafupa. Tanzania, imene heroin anaipweteka ife tisanayambe kumumva, inatsegula kiliniki ya methadone pa cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Methadone amaletsa ululu uja moti munthu angathe kugwira nchito. Palinso naloxone, amene amabweza mpweya wa wopitirira mlingo m'mphindi zocepa, ngati amene ali naye pafupi sanaope polisi n'kuthawa.