Kugwidwa ndi Kuzengedwa Mlandu kwa Orton Chirwa

Orton Edgar Ching'oli Chirwa, amene anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anali Mmalawi woyamba kuloledwa kuimira anthu pa milandu m'makhoti akuluakulu, atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Lincoln's Inn mumzinda wa London mu 1958. Atsamunda ataletsa chipani cha Nyasaland African Congress mu Malichi 1959 n'kutsekera atsogoleri ake, a Chirwa, amene nawonso anamangidwa kwa miyezi ingapo, anayambitsa Malawi Congress Party mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo mu Epulo 1960, iwo anawasiyira mpando wa utsogoleri.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, a Chirwa anali nduna ya zachilungamo, koma pasanathe miyezi itatu kunabuka mkangano pakati pa Dr Banda ndi nduna zawo. Nkhani zinali ubale ndi maboma a Portugal ndi South Africa, kuchedwa kupatsa Amalawi maudindo amene anali m'manja mwa azungu, komanso tiki, kandalama ka mapeni atatu kamene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma. A Chirwa anachotsedwa pa unduna mu Seputembala pamodzi ndi Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, kenako anathawira ku Tanzania, komwe pambuyo pake anayambitsa gulu lotsutsa boma la Malawi Freedom Movement, lodziwika mwachidule kuti MAFREMO.

Atakhala kunja zaka 17, a Chirwa anagwidwa pa 24 Disembala 1981 pamodzi ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, amene ankaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka, ndi mwana wawo wamwamuna. Boma linalengeza kuti atatuwa anawagwirira m'boma la Mchinji atalowa m'dziko mozemba, pomwe iwo ananenetsa kuti anawanyengerera kupita kumsonkhano kudera la Chipata, n'kuwagwira ali m'dziko la Zambia ndi kuwadumphitsa malire mokakamiza. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa ngati anawagwirira ku Zambia, apolisi a Malawi analibe mphamvu yomanga munthu kumeneko, ndipo mlandu wonse unayambira pa kuphwanya lamulo.

Mlandu wofuna kugwetsa boma unayamba mu 1982 ku Blantyre, m'khoti lamakolo la chigawo chakummwera. Makhoti amakolo anali mabwalo amene oweruza ake ambiri anali mafumu, ndipo ngakhale kuti poyamba ankaweruza milandu yakumudzi, boma la Dr Banda linawapatsa mphamvu yozenga milandu yakupha, kenako youkira boma, ndi yogamula chilango cha imfa. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo apilo sinkapita kukhoti lalikulu koma kukhoti lina lamakolo. A Chirwa ndi akazi awo, onse odziwa malamulo, anadziimira okha, koma anakanizidwa kuitanitsa mboni zawo zakunja, zimene zikanafotokoza komwe anawagwirira. Mu Meyi 1983 awiriwa anawagamula kuti anyongedwe, khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho mu Febuluwale 1984, ndipo mu Juni chaka chomwecho, maiko ndi mabungwe monga Amnesty International atadandaula kwambiri, Dr Banda anasintha chilangocho kukhala ndende ya moyo wonse.

Ku ndende ya Zomba anawatsekera m'zigawo zosiyana, ndipo a Chirwa ankakhala okha m'chitolokosi, nthawi zina atamangidwa maunyolo kumiyendo. Mwamuna ndi mkazi wake anakhala zaka 8 osaonana ali mumpanda umodzi, mpaka mu Seputembala 1992 pamene gulu la maloya ochokera ku Britain linaloledwa kuwayendera, ndipo linapeza a Chirwa atafooka, osamva bwino ndi osaona bwino. Iwo anamwalira m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992 ali ndi zaka 73. Mayi Vera Chirwa anamasulidwa pa 24 Januwale 1993, kutatsala miyezi yosakwana isanu kuti Amalawi aponye voti ya riferendamu ya pa 14 Juni imene inabwezeretsa ndale za zipani zambiri, ndipo atatuluka anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba ndi akaidi pa nkhani za ufulu wawo.