Katundu Ali ndi Mlonda, Munthu Alibe

Ndili mwana wa pulayimale ku Mwanza cha m'ma 1988, ndinkaona magalimoto akuluakulu atandanda pachipata. Akawolokera ku Zobue, asilikali a ku Zimbabwe ankawaperekeza kudzera ku Tete mpaka ku Nyamapanda. Kuchokera mbali yomweyo kunkabwera anthu othawa nkhondo, mitolo kumutu, ana kumsana, popanda wowaperekeza. Funso lakuti bwanji katundu anali ndi mlonda pomwe munthu analibe ndakula nalo.

Tinkamva kuti Frelimo ndi Renamo akulimbirana ulamuliro. Nzoona, koma nkhaniyi inalinso ndi fungo la ndalama. Renamo inaleredwa ndi boma la azungu la Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la South Africa ndilo linapitiriza kuithandiza. Chaka chomwecho mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, anakhazikitsa bungwe la SADCC kuti achepetse kudalira madoko ndi njanji za South Africa. Posakhalitsa njanji zathu zopita ku Beira ndi Nacala zinayamba kuphwasulidwa, ndipo pomatha 1984 zonse zinali zitatsekeka.

Fodya ndi tiyi wathu zinayamba kuyenda mtunda wautali mpaka ku Durban. Eni madoko ndi magalimoto a kumwera anadya bwino, pomwe ife tinalipira nkhondoyo pogula feteleza ndi mafuta. Pamene pangano la mtendere linkasainidwa ku Rome mu 1992, Malawi ankasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ena ankakhala ku Luwani, komwe nthawiyo kunali m'boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha.

Mfuti zitaleka kulira, chuma cha ku Tete chinakopa alendo ena. Mu 2011 kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba malasha ku Moatize. Mabanja mazanamazana anali atasamutsidwira ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda yomwe anapatsidwa. Njanji yatsopano ya malasha inadutsa kwathu kuno kupita ku Nkaya. Mu 2016, zipolowe zitabukanso ku Tete, anthu masauzande anathawira m'mudzi wa Kapise n'kumagona m'misasa. Malasha anali ndi njira yakeyake yachitsulo. Iwo anabwera wapansi, podzera m'tchire.

Sindidana ndi malonda ayi. Fizi yanga inkachokera ku manachesi omwe amayi ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Chomwe mtima wanga ukukana ndi dongosolo lomwe ophunzira amalitcha kapitalizimu, likafika poyeza munthu pa sikelo imodzi ndi thumba la malasha n'kupeza kuti munthuyo ngopepuka. Mu ofesi ya boma momwe ndimagwira ntchito timawerengera bwino msonkho wa katundu. Koma mayi amene anataya munda wake ndi manda a makolo ake, sindinaonepo buku lomwe timamulembamo.